Kupalasa njinga kuchokera ku Dedza, kutsika Khwekhwerere, kubwerera kudzera ku Ntcheu

Ulendo wa njinga m'dera la Dedza ndi Ntcheu sitiuyeza ndi makilomita. Timauyeza ndi zitunda zoti mukwere ndi mitsetse yoti mutsike. Tauni ya Dedza ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo phiri lomwe laima kumbuyo kwake limafika mamita 2,198. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 474 okha, ndipo Golomoti, Mua ndi Mtakataka zili m'chigwa chomwecho. Ndiye kuti pakati pa msika wa Dedza ndi msika wa Golomoti pali kusiyana kwa mamita ngati 1,000, ndipo gawo lalikulu la kutsikako lapanikizana pa msewu umodzi wokhotakhota, wa Khwekhwerere. Ife amene timapalasa m'derali taona kuti alendo ambiri amaopa kukwera n'kumakonzekera kukwerako, pomwe chimene chimathyola njinga ndi kuvulaza anthu ndi kutsika.

Njira yomwe timalangiza ndi yozungulira. Mumachoka ku Dedza ndi msewu wa M1 kulowera kummwera, mumakhota pa Masasa, mumatsika Khwekhwerere mpaka pa Golomoti, mumagona ku Mua kapena pafupi, kenako mumatsata M5 m'chigwa cha Bwanje, n'kukwera kulowa ku Ntcheu, n'kubwerera ku Dedza mwa pamwamba kudzera ku Mlangeni ndi Lizulu. Munthu wamphamvu zake, wa njinga ya magiya ndi katundu wochepa, amatha masiku 4. Wa njinga yopanda magiya awerengere masiku 5 kapena 6. Muzungulire motero, osati mobwerera, chifukwa chitunda choopsa kwambiri mumachitsika, pomwe kukwera kwa mbali ya Ntcheu kwatambalala pa ulendo wautali. Chifukwa china ndi mphepo. M'miyezi yozizira imawomba kuchokera kummwera chakum'mawa, choncho pa tsiku lomaliza, pomwe miyendo yatopa ndipo msewu ukukwera kuchokera ku Ntcheu kupita ku Dedza, imakhala kumbuyo kwanu.

Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Seputembala. Mu Juni ndi Julayi ku Dedza kumazizira kwambiri m'mawa, nkhungu imaphimba msewu, ndipo zala zimauma moti kugwira buleki kumavuta. Tengani magolovesi, ngakhale otchipa a kumunda, ndi jekete yoletsa mphepo. Mpweya umatentha ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse omwe mwatsika, ndiye jekete yomwe munavala pa Masasa mudzaivula musanafike pa Golomoti. Okutobala ndi Novembala pamwamba palibe vuto, koma m'chigwa dzuwa limaswa mtengo. Kuyambira Disembala mpaka Malichi misewu ya tala imapitika, koma ya fumbi iwalani. Katondo wa pamwamba amaterera, ndipo makande a m'chigwa cha Bwanje amamatirira pa tayala mpaka wilo kukana kuzungulira mkati mwa madigadi.

Njinga yoyenera

Sikuti pafunika njinga yodula. Pafunika njinga yomwe zipangizo zake zimapezeka pa msika uliwonse. Mawilo a mainchesi 26, a njinga za magiya zomwe zadzaza m'misika ya kaunjika, ndi a 28, a njinga zathu zakale zonyamulira katundu, matayala ndi machubu ake mudzawapeza pa Lizulu, pa Golomoti ndi pa Sharpevale. Mawilo a 29 kapena a 700 a njinga zothamangira ndi ena, ndipo tayala likang'ambika m'chigwa mudzakwera minibasi. Onaninso vavu. Ilipo ya mitundu itatu: yonenepa ngati ya galimoto, yakale ija yokhala ndi kampira mkati, ndi yopyapyala ya njinga zothamangira. Mpope wanu ugwirizane ndi vavu yanu, ndipo muuyese kunyumba, chifukwa okonza njinga ambiri kumudzi alibe mpope wa vavu yopyapyala.

Pa magiya, chofunika ndi giya yopepuka. Kutsogolo mano 22 kapena 24, kumbuyo 32 kapena 34, mumakwera nayo pafupifupi paliponse mutakhala pa chishalo. Njinga yopanda magiya nthawi zambiri imakhala ndi mano 44 kapena 46 kutsogolo ndi 18 kumbuyo. Sinthani filiwilo muike ya mano 22, muonjezere tcheni pang'ono. Pa malo athyathyathya mudzachedwerapo, koma zitunda zambiri za M1 mudzazikwera osatsika. Njinga ya kotapini, kachitsulo kokhomera mkono wa pedulo, ili ndi vuto lake pokwera: kotapini imakhwefuka, pedulo n'kumagogoda. Musaimange ndi nati yokha, mazinga ake ndi ofewa ndipo amatha msanga. Imenyeni ndi hamala kumutu kuti ilowe, mutagwiriziza ndi chitsulo kapena mwala kunsi, kenako mumange nati. Tengani ziwiri zapadera.

Zida zokwanira ndi izi: sipanala ya 15 ya manati a mawilo ndi mapedulo, ya 10 ndi ya 8, makiyi a alenki a 4, 5 ndi 6 ngati njinga yanu ili ndi mabawuti otere, pulayala, sikuludiraiva, kiyi wa masipoko, zotsegulira tayala, mpope, machubu 2 atsopano, zigamba ndi guluu wake, sandipepa, waya wa buleki 1, wa magiya 1, mphira za buleki zokwanira mawilo onse awiri, masipoko 4 omangirira pa felemu ndi tepi, kabotolo ka oyilo ndi kansanza. Masipoko a wilo ya kumbuyo amasiyana kutalika ndi a kutsogolo, ndiye pogula pitani ndi njinga yomwe.

Katundu asapitirire makilogalamu 15, madzi osawerengera. Mugaweni m'zikwama ziwiri zolendewera uku ndi uku kwa keliyala, zolemera zikhale pansi. Katundu wounjika pamwamba pa keliyala amapangitsa njinga kugwedera potsetsereka, mahandulo n'kuyamba kuvina okha. Malegeni amamanga bwino kuposa chingwe, koma nsonga zake zipindeni mkati. Legeni yolendewera ikalowa m'masipoko muli pa liwiro imamanga wilo nthawi yomweyo.

Tsiku loyesera ku Chongoni

Musayambe ndi Khwekhwerere. Tsiku loyamba mangani katundu yense monga mmene mudzayendere, mupite ku Chongoni n'kubwerera kudzagona ku Dedza. Msewu wafumbi wopita ku koleji ya zankhalango umadutsa m'mapaini ndi m'midzi, uli ndi zitunda zazifupi, mitsetse, miyala ndi mchenga pang'ono, zonse zomwe zimaulula bawuti yokhwefuka, buleki yofooka ndi chikwama chogunda chidendene. Chomwe chavuta mudzachikonza madzulo m'tauni momwe okonza ndi zipangizo zilipo.

Ulendowu ndi wokoma pa wokha. Dera la Chongoni lili ndi malo 127 a zojambula za pa miyala, ndipo bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2006. Zojambula zofiira ndi zakale kwambiri, za Akafula. Zoyera ndi za Achewa, zokhudza chinamwali ndi nyau. Pa njinga, malo osavuta kufika kuchokera m'tauni ndi Chentcherere. Namzeze pafunika kusiya njinga n'kukwera wapansi, ndipo Mphunzi ili kutsidya lina la M1, ulendo wa tsiku lakelake. Funsani munthu wa m'deralo akuperekezeni, njinga muisiye pakhomo pa munthu osati pathengo. Zojambulazo musazigwire, musazithire madzi kuti zioneke bwino pa chithunzi, ndipo dzina lanu musalilembe pamenepo. Makala a anthu olemba mayina aononga kale malo ena.

Kuchokera ku Dedza mpaka pa Masasa

Gawo ili palibe zambiri zonena. Ndi M1, yokwera ndi kutsika, kudutsa mphambano ya ku Bembeke. Vuto ndi mabasi ndi mathiraki. M'malo ambiri m'mphepete mwa tala munadyeka, ndipo pali kaphompho pakati pa tala ndi dothi. Hutala ikalira kumbuyo, chepetsani liwiro, mutsikire pa dothi mwadala wilo itapingasa, osati motsetsereka m'mbali mwa kaphomphoko, chifukwa tayala limakwechesa n'kukugwetserani mu msewu. Valani chowala, ndipo kukachita nkhungu dikirani ichoke. Nyamukani kukangocha kuti mufike pa Masasa nthawi isanakwane 9 koloko. Idyani pamenepo, dzazani mabotolo.

Khwekhwerere

Kuchokera pa Masasa mpaka pa Golomoti ndi makilomita pafupifupi 30 a tala. Poyamba msewu umanyenga. Umadutsa m'minda, kukwera pang'ono ndi kutsika pang'ono, munthu n'kumaganiza kuti zomwe anamva zinali zokokomeza. Kenako dziko limatseguka, chigwa chimaonekera pansi, tsiku lopanda fumbi nyanja imaoneka patali, ndipo makona amayamba. Imani pamenepo, musanalowe kona yoyamba, muchite zinthu zinayi.

Finyani buleki iliyonse mwamphamvu. Chogwirira chisafike pa handulo. Chikafika, kokani waya mumange. Onani mphira: timizere take tikhale tikuoneka, ndipo zigunde pa limu pokha, osati pa tayala. Mphira yokhudza tayala imalicheka m'mbali mpaka chubu kutulukira. Gwedezani mawilo onse awiri muone ngati manati ali olimba. Pomaliza finyani matayala. Akhale olimba koma osati ngati mwala, chifukwa kutentha kwa limu kudzawonjezera mphamvu ya mpweya mkatimo.

Nkhani yonse ya msewu uno ndi kutentha. Munthu, njinga ndi katundu zikalemera makilogalamu 100 n'kutsika mamita 1,000, mphamvu yomwe iyenera kuphedwa ndi yokwanira kuwiritsa madzi pafupifupi malita 3. Ina imatengedwa ndi mphepo yomwe ikukuombani, yotsalayo imathera m'mabuleki. Mukatsika pang'onopang'ono mutafinya mabuleki osalekeza, mphepo sithandiza kanthu, moto wonse umalowa mu limu. Zotsatira zake timaziona kawirikawiri. Mphira zimasungunuka pamwamba n'kuyamba kuterera. Guluu wa zigamba zakale amafewa, chigamba n'kumatuka. Chubu chimaphulika. Tayala la kutsogolo likaphulika pa kona, palibe luso lomwe lingakupulumutseni. N'chifukwa chake timati kutsogolo muike chubu chatsopano, chopanda chigamba ngakhale chimodzi. Zigamba zodula ku chubu chakale zimagwira bwino ntchito m'chigwa, koma pano ayi.

Katsikidwe kake ndi aka. Pa malo owongoka siyani njinga iyende pang'ono, mutadzuka chifuwa kuti mphepo ikugwireni. Kona isanafike finyani mabuleki onse awiri mwamphamvu kwa kanthawi kochepa, liwiro litsike kufika poti mutha kuima mukafuna, kenako masulani mulowe m'konamo. Kumanga buleki muli kale m'kati mwa kona ndi komwe kumagwetsa, makamaka poti m'makona ndi momwe mumasonkhana mchenga ndi timiyala tokokoloka m'phiri. Ambiri amaopa buleki ya kutsogolo, koma ndi imene imaimitsa njinga. Ya kumbuyo yokha imangokwekweretsa tayala. Bwererani m'mbuyo pa chishalo, manja olimba koma zigongono zopinda pang'ono, pedulo ya kunja kwa kona ikhale pansi. Pomwe patsetsereka motalika popanda kona, sinthanitsani: kutsogolo masekondi angapo, kumbuyo masekondi angapo, kuti limu iliyonse ipume.

Pa gawo lotsetsereka kwambiri imani pakatha makilomita 2 kapena 3 aliwonse, pa malo poti galimoto ikuonani patali. Gwirani limu ndi chala. Ngati chala sichingakhalepo, dikirani mphindi 5 mpaka 10. Kudikirako sikotopetsa, chifukwa m'mbali mwa msewuwu muli amisiri osema tigalimoto, tinjinga ndi tindege tamatabwa, ndipo ntchito yawo ndi yoyenera kuiona. Kungoti kumbukirani kuti chomwe mwagula mudzakwera nacho ku Ntcheu.

Mtundu wa buleki nawo uli ndi zake. Mabuleki a ndodo pa malimu achitsulo chonyezimira amagwira bwino kukakhala kouma, koma limu ikanyowa ndi nkhungu kapena mvula amachedwa kwambiri kugwira. Kukanyowa musatsike nawo mutakwera. Njinga yomwe buleki yake ndi yobweza mapedulo m'mbuyo imatentha mkati mwa habu, girizi amapsa, ndipo tcheni ikaguluka mulibenso buleki. Njinga yotere iikireni buleki ya kutsogolo musananyamuke, apo ayi makona otsetsereka kwambiri muwayende pansi mukuikankha. Mabuleki a disiki amapirira, koma chimbale chake chimatentha moti chimawotcha mwendo, ndipo mukachithira madzi ozizira chimapindika. Mudzaona anyamata onyamula makala ndi nkhuni akuponda tayala ndi nsapato m'malo mwa buleki. Iwo msewuwu amaudziwa kona ndi kona, komabe amagwa. Musatengere.

Thiraki yotsika pang'onopang'ono musaipitirire pa kona, ndipo musakhale kutsogolo kwake pafupi. Ipatseni mpata ipite. Mbuzi, ana ndi anyani amadumphira mu msewu mosayembekezereka. Mukatsika mosamala, ndi kupuma komwe, kuchokera pa Masasa mpaka pa Golomoti werengerani maola 2.

M'chigwa

Pa Golomoti mumakumana ndi M5. Njanji yochokera ku Salima kupita ku Balaka imadutsa m'dera lomweli, ndipo paliponse pomwe mukuidutsa, wilo ipingase njanjiyo mowongoka. Mukaidutsa mopendekera, tayala limalowa mu mpata wa m'mbali mwa chitsulo. Msewu wa M10 wopita ku Monkey Bay umayambira cha pomwepa, kwa amene ali ndi masiku ena awiri oti akaone nyanja. Ku Mua mumakhotera kumpoto, makilomita osafika 20, kenako kamsewu kakafupi kokwera kulowa ku mishoni. Mishoni ya Mua inakhazikitsidwa ndi ansembe a White Fathers mu 1902, ndipo malo a zachikhalidwe a Kungoni anayambitsidwa ndi Bambo Claude Boucher mu 1976. Nyumba yosungiramo zakale ya Chamare ili ndi zigoba za gule wamkulu zochuluka zedi, pamodzi ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Ipatseni masana onse. Ndi malo abwinonso opumitsira manja, chifukwa mukatsika Khwekhwerere zala ndi mapewa zimawawa kuposa miyendo.

Kuno mdani ndi minga, dzuwa ndi udzudzu. Mitengo ya mthethe ndi ina yaminga imagwetsera minga yake pansi, ndiye mukafuna mthunzi siyani njinga m'mphepete mwa msewu kapena inyamuleni, musaikankhe pa udzu. Tayala likaphwa, musathamangire kuika chubu china. Yendetsani chala mkati mwa tayala monse mpaka mupeze munga, muutulutse ndi pulayala. Anthu ambiri amaboola machubu awo onse awiri ndi munga umodzi. Pomata, palani malowo ndi sandipepa mokulirapo kuposa chigamba, pakani guluu wochepa kwambiri, dikirani mphindi 3 mpaka 5 aume asamamatirire chala, kenako ikani chigamba mutsindike mwamphamvu. Chigamba choikidwa pa guluu wamadzi sichichedwa kumatuka. Mukaona mabowo awiri oyandikana, si munga, ndi limu yomwe yatsina chubu pa dzenje chifukwa mpweya unali wochepa. Bowo likakhala mbali ya ku limu, onani lamba wophimba mitu ya masipoko, mwina wasuntha.

Madzi m'chigwa werengerani theka la lita mpaka lita imodzi pa ola lililonse lopalasa, ndipo musachoke pa msika ndi madzi osakwana malita 3. Mijigo ilipo m'midzi yambiri ya m'mbali mwa M5. Pemphani, anthu samana madzi. A pachitsime kapena mumtsinje athireni mankhwala monga WaterGuard motsatira zomwe zalembedwa pa botolo, mudikire mphindi 30. Thukuta limachotsa mchere m'thupi, ndipo ndi chimene chimabweretsa kukokana kwa minofu. Tengani mapaketi a Thanzi, kapena sakanizani nokha: lita imodzi ya madzi, masipuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere. Mutu ukayamba kuwawa, mkodzo ukachepa n'kuda, chizungulire chikabwera, imani pa mthunzi. Mnzanu akayamba kulankhula zosokonekera, muthireni madzi thupi lonse, mumupezere galimoto yopita ku chipatala msanga. Palasani kuyambira m'mbandakucha mpaka 10 koloko, mupume, muyambirenso cha m'ma 3. Dzuwa limalowa cha m'ma hafu 5 mu Juni ndi Julayi, ndipo mdima suchedwa. M5 usiku si msewu wa njinga.

Anthu a pamwamba, a ku Dedza ndi Lilongwe omwe, amapeputsa udzudzu wa kumunsi. Nyamulani neti yanu, chifukwa za m'malesitihausi nthawi zambiri zimakhala zobooka. Kutentha thupi kukabwera patatha sabata imodzi kapena ziwiri mutabwerera, kayezetseni malungo. M'ngalande za sikimu ya mpunga ya Bwanje ndi m'madzi ena odikha musasambemo ngakhale kutenthe bwanji, kuopa likodzo.

Zakudya sizisowa. Nthochi, mtedza, chinangwa, mbatata yootcha, zitumbuwa ndi thobwa zimapalasitsa bwino kuposa mabisiketi. Nsima yambiri masana imagonetsa, isungireni madzulo. Tchipisi cha pachiwaya mudye chotentha, chongotuluka m'mafuta, ndipo kabichi wosaphika wa pambali mumusiye.

Kubwerera pamwamba

Pali njira zitatu. Yoyamba ndi kukwera Khwekhwerere yemweyo. Munthu wonyamula katundu amakwera mamita 300 mpaka 400 pa ola, ndiye, ndi kupuma komwe, werengerani maola 4 kapena 5, ndipo wokankha awonjezerepo. Nyamukani pa Golomoti kusanache bwino, ndi malita 4 a madzi. Musagwire kumbuyo kwa thiraki kuti ikukokeni. Dalaivala sakuonani, ndipo akasintha giya galimoto imabwerera pang'ono kapena kudumpha.

Yachiwiri ndi yochoka pa M5 pa Kasinje, yokwera kudzera ku Kandeu kukatulukira pa M1. Ndi yaifupi kuposa kuzungulira, magalimoto ndi ochepa, ndipo imadutsa m'zigwa ndi m'mapiri okongola a kumtunda kwa Livulezi. Mmene ilili zimasintha chaka ndi chaka malingana ndi mvula, ndiye funsani a kabaza a pa Kasinje tsiku lomwelo. Pofunsa njira pali luso. Musafunse kuti ndi makilomita angati, ndipo mukamva kuti ndi pafupi musakhulupirire msanga. Funsani kuti iwo akanyamula munthu amatenga nthawi yaitali bwanji, amalipiritsa zingati, ndi malo angati pomwe wokwera amatsika kuti akankhe. Mayankho atatu amenewa ndiwo mapu enieni.

Yachitatu ndi yomwe timalangiza kwa oyamba: tsatirani M5 kummwera kudzera pa Sharpevale, Bwanje ndi Bilila mpaka pomwe imakumana ndi M1, mukhotere kumpoto kudzera ku Nsipe kukafika pa boma la Ntcheu. Ndi yaitali, ndipo m'chigwamo mphepo ya kummwera imakhala kumaso, koma ndi tala yokhayokha ndipo palibe chitunda chomwe chingakugonjetseni. Igaweni masiku awiri.

Pokwera ndi pomwe masipoko amaduka, makamaka a wilo ya kumbuyo mbali ya tcheni, ndipo a mbali imeneyo salowa osachotsa filiwilo. Sipoko ikaduka imodzi, ipotereni pa inzake kuti isakole, mumasule pang'ono masipoko awiri oyandikana nayo mpaka limu ileke kukhudza buleki, mupite pang'onopang'ono kwa wokonza wapafupi. Mukaumirira ulendo wonse, ena amatsatira. Tcheni ipukuteni madzulo aliwonse, muike dontho la oyilo pa mfundo iliyonse, kenako mupukute otsala. Oyilo wochuluka amakoka fumbi, ndipo fumbilo ndi lomwe limadya mano.

Ntcheu mpaka Dedza

Ndi makilomita pafupifupi 75, ndipo Dedza ili pamwamba kuposa Ntcheu ndi mamita mazana angapo, koma simukwera kamodzi: mumakwera, kutsika, kukweranso. Chitunda chochoka pa boma kupita ku Biriwiri chikwereni m'mawa miyendo ikadali ndi mphamvu. Pa mtunda wautali msewuwu ndiwo malire a dziko. Kudzanja lamanja ndi Malawi, kumanzere ndi Angonia wa ku Mozambique. Anthu a mbali zonse ndi amodzi, chilankhulo chimodzi, misika imodzi, koma inu mlendo musatengeke ndi tinjira tokongola tolowera kumanzere. Mukalowa mkati muli m'dziko la eni popanda chilolezo. Chiphaso cha unzika chikhale m'thumba, ndi lisiti ya njinga ngati muli nayo, poti pa malodibuloko amatha kufunsa. Foni nayo imatha kugwira netiweki ya kutsidya, ndiye itchereni kuti isasankhe yokha. Airtel Money ndi Mpamba zimagwira ntchito m'misika ikuluikulu, komabe sungani ndalama zing'onozing'ono zogulira nthochi ndi kulipira wokonza.

Pa Lizulu, likulu la Inkosi ya Makhosi Gomani, msika wa kabichi, tomato, anyezi, karoti ndi mbatatesi umasefukira mu msewu. Tsikani muikankhe. Pa Tsangano Turn-off chimodzimodzi. Msewu wolowera ku Tsangano, kwawo kwa mbatatesi, umakwera m'mapiri a Kirk Range molunjika ku Neno, ndipo ndi ulendo wina wabwino kwambiri kwa amene wazolowera, koma kumazizira usiku ndipo malo ogona ndi okonza njinga ndi otalikana. Ulendo umenewu usakhale wanu woyamba.

M'misewu ya kumudzi mukapeza masamba atayalidwa mopingasa msewu, pali maliro. Tsikani, vulani chipewa, zimitsani wailesi, kankhani mpaka mudutse masamba achiwiri. Mukakumana ndi gule, patukani mutsike pa njinga, ndipo musajambule musanaloledwe. Nkhalango yowirira yoima payokha pakati pa minda kawirikawiri ndi manda. Musakapumemo kapena kukadzithandizamo. Mdima ukakupezani kutali ndi lesitihausi, musamange tenti pathengo. Funsani kwa a mfumu, nenani komwe mwachokera ndi komwe mukupita, adzakuonetsani pogona, ndipo m'mawa musiye kangachepe. Njinga igone m'nyumba momwe mwagona inu.

Zikakanika, minibasi ndi malole a matola amanyamula njinga pa mtengo wokambirana. Gwirizanani mtengowo isanakwezedwe. Chotsani zikwama, mpope ndi nyali, tsitsani tcheni pa giya yaikulu ya kumbuyo kuti chosinthira magiya chilowe mkati, ndipo mbali ya tcheni iyang'ane kumwamba. Imani pomwepo mpaka amalize kumanga, chifukwa chingwe chikadutsa m'masipoko kapena thumba la mbatatesi likatsamira pa wilo, mukatsitsa limu yopindika.